Amene wakhala naye mpando umodzi m'sitima ukumudziwa?

M'bogi ya sitima nkhani imathamanga kuposa sitimayo. Kungolowa munthu wa nkhope yodziwika, mayi wa dengu la matemba amakodola mnzake, mnyamata wogulitsa mazira owiritsa amaiwala kubweza chenji, ndipo sitima isanafike pa siteshoni yotsatira, a m'bogi yakumapeto amakhala atamva kale.

"Achimwene, kodi awa si oyimba aja?"

"Iyayi, angofanana. Aja angakwere sitima?"

Funso lomalizali ndilo lasenza nkhani yonse. Pa njanji yochoka ku Balaka kudzera pa Nkaya ndi pa Liwonde mpaka ku Nayuchi m'boma la Machinga, anthu adazolowera kuti sitima ndi ya amayi a geni, alimi a mpunga ndi nandolo, asodzi a ku Chilwa, ana a sukulu ndi odwala opita kuchipatala. Wa dzina lomveka pawailesi amadutsa pamsewu, m'galimoto ya magalasi akuda.

Komatu mbiri ya njanji, kuno kwathu ndi kunja komwe, ikuonetsa kuti anthu otchuka akhala akukumana ndi anthu wamba m'sitima kuyambira kalekale. Kungoti nthawi zambiri okumana nawowo sadziwa, chifukwa pa tsikulo munthuyo amakhala asanatchuke. Amangokhala mnyamata wa chikwama chakutha amene wakupemphani kuti musunthe pang'ono akhale nawo. Paja akuluakulu adati phiri ndi phiri sakumana, koma munthu ndi munthu amakumana.

Msewu, msika ndi bwalo la nkhani

Njanji yoyamba m'dziko muno idatha kumangidwa m'chaka cha 1908, kuchoka ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, kufika ku Blantyre. Anthu a ku Balaka adaiona mochedwerapo. Njanji yochoka ku Blantyre kupita ku Salima, yodutsa pa Utale, Nkaya ndi Balaka, idatsegulidwa mu 1935, chaka chomwe mlatho wautali wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi udayamba kugwira ntchito. Tawuni ya Balaka idakulira pa siteshoni: sitolo, nkhokwe za thonje ndi malo ogona alendo, zonse zidatsata sitima.

Mu 1970 padabwera mphanda ina. Kuchokera pa Nkaya, njanji yatsopano ya makilomita pafupifupi 100 idaoloka Shire pa Liwonde, n'kudutsa pa Molipa, Lambulira ndi Namanja mpaka pa Nayuchi, pomwe imalumikizana ndi ya ku Mozambique yopita ku Cuamba, Nampula ndi ku doko la Nacala. Nayuchi ali pa kamtunda ka mchenga pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. N'chifukwa chake siteshoni ya tsidya linalo Apwitikizi adaitcha Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja.

Kudera limeneli mvula ikakhazikika, misewu yafumbi imasanduka phala, ndipo kwa zaka zambiri sitima ndiyo yakhala msewu, msika ndi bwalo la nkhani pamodzi. Imaima paliponse, sichita changu, ndipo ulendo woti galimoto ingauthe m'maola ochepa umatha kudya tsiku lathunthu. Kuchedwa kumeneku ndiko kumadziwanitsa anthu. M'minibasi mumathinana koma simucheza. M'sitima mumagawana nzimbe, mumasungirana katundu, ndipo mayi akafuna kumanga bwino chitenje amangokupatsani mwana kuti mumugwirire, osafunsa kuti ndinu ndani. Pofika pa Liwonde mwadziwana mudzi, mfumu ndi matenda a kunyumba.

Malo otere wamkulu alibe pobisala. Palibe galasi lokweza, palibe mlonda wa pageti. N'chifukwa chake nkhani za kukumana m'sitima zimakhalitsa m'mabanja, agogo n'kumazisimba mpaka kwa zidzukulu.

Mphunzitsi wa ku Soche Hill

M'chaka cha 1963 kudabwera mnyamata wa ku America wa zaka 22, mmodzi mwa aphunzitsi odzipereka a bungwe la Peace Corps. Adamutumiza ku sekondale ya Soche Hill kufupi ndi Limbe. Dzina lake adali Paul Theroux. Adaphunzira Chinyanja, ndipo patchuthi china adapita kukathandiza ku chipatala cha odwala khate ku Mua, kufupi ndi Ntakataka m'boma la Dedza.

M'buku lake la My Other Life, lomwe lidatuluka mu 1996 ndipo limasakaniza zoona ndi zopeka, iye akusimba za ulendo wa pasitima wopita ku chipatala chotere, wonyamuka kusanache. Sitima yochoka ku Blantyre kupita ku Ntakataka ilibe njira ina koma pa Nkaya ndi pa Balaka. Aliyense amene adamuona pa zenera masiku amenewo adangoona mzungu wachinyamata wa malipiro ochepa, ngati aphunzitsi anzake ambiri amene adadzaza m'sukulu za dziko lino nthawi ya ufulu.

Sadakhalitse. Nduna zitasemphana ndi Dr Kamuzu Banda mu 1964, Theroux adathandiza banja la David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku America yemwe adatula pansi udindo, ndipo mu 1965 boma lidamuthamangitsa m'dziko muno. Patatha zaka 10, mu 1975, adatulutsa buku la The Great Railway Bazaar, losimba ulendo wa miyezi inayi pa sitima kuchoka ku London kudutsa mayiko a ku Asia n'kubwerera kudzera ku Russia. Bukuli lidagulidwa padziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo dzina la Theroux limatchulidwa patsogolo anthu akamakamba za olemba maulendo a pasitima.

Mabuku akewo adadzaza ndi anthu amene adakhala nawo mpando umodzi: zimene ankadya, zimene ankadandaula, momwe ankamulandirira mlendo. Apa pali phunziro loseketsa koma loona. Inu mukamayang'ana mlendo m'sitima, nayenso akukuyang'anani, ndipo mwina ndi amene adzauze dziko lonse kuti anthu a kwanu ndi otani.

Wosesa pa siteshoni adadzakhala pulezidenti

Wotchuka wa mawa sakhala wokwera yekha ayi. Nthawi zina ndi amene akukunyamulirani katundu.

Anansi athu a ku Zambia amaidziwa bwino nkhani ya Michael Sata. Ali mnyamata adapita ku Britain komwe adagwira ntchito ya pa njanji, kusesa ndi kunyamula katundu pa siteshoni yaikulu ya Victoria mumzinda wa London. Anthu zikwizikwi ankadutsa pa siteshoni imeneyo tsiku lililonse, ndipo wosesa ndi munthu amene anthu othamangira sitima samuyang'ana kumaso. Mu Seputembala 2011 wosesa uja adalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wa Zambia. Adamwalira ali pampando mu Okutobala 2014, m'chipatala cha mumzinda womwewo wa London.

Ku Britain komweko, pa siteshoni ya Dartford, pa 17 Okutobala 1961, anyamata awiri adakumana akudikira sitima. Wina, wa zaka 18, adapanira m'khwapa zimbale za oyimba achikuda a ku America, Chuck Berry ndi Muddy Waters. Mnzakeyo, wa zaka 17, adanyamula gitala. Adaphunzirapo limodzi ku pulayimale koma adatayana. Zimbalezo ndizo zidayambitsa macheza, n'kukwera bogi imodzi. Mayina awo adali Mick Jagger ndi Keith Richards, ndipo chaka chotsatira adali m'gulu limene lidayambitsa bandi ya The Rolling Stones, imodzi mwa mabandi otchuka kwambiri padziko lapansi. Ena onse amene adali m'bogimo tsiku limenelo adangoona anyamata awiri aphokoso.

Ana a m'mbali mwa njanji

Sitifunika kupita ku Dartford kuti timve nkhani ya anyamata a gitala. Ku Balaka, mu 1978, achinyamata a pa parishi ya Katolika adayambitsa Alleluya Band mothandizidwa ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Wotsogolera adali Paul Banda. Mng'ono wake Lucius, wobadwa mu 1970 m'mudzi wa Sosola, adalowa m'bandiyo ali ndi zaka 13.

Amene ankawaona anyamatawa akudutsa pa msika kapena kuoloka njanji popita kokaphunzira nyimbo sadaganize kuti akuona chiyambi cha chamba chimene dziko lonse lidzachitcha nyimbo za ku Balaka. Koma m'zaka za m'ma 1990 panalibe basi, sitolo kapena ukwati wopanda kaseti ya ku Balaka. Lucius Banda adatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, mu 1994, n'kudzayambitsa Zembani Band mu 1997. Anthu adamutcha Soja, msilikali wa amphawi. Adakhala phungu wa ku Nyumba ya Malamulo wa kumpoto kwa Balaka kawiri, kuyambira mu 2004 komanso mu 2014. Atamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024, maliro ake adasonkhanitsa chinamtindi cha anthu ku Balaka. Mayina ena monga Charles Nsaku, Mlaka Maliro, Coss Chiwalo ndi Paul Subiri nawonso adamveka kuchokera pa tawuni yomweyi.

Kutsidya kwa Shire, m'mudzi wa Kapoloma kufupi ndi Ntaja, ndiko kwawo kwa Bakili Muluzi, wobadwa mu 1943. Adakhalapo nduna ya zamtengatenga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira mu 1994 mpaka mu 2004 Atcheya adali pulezidenti wa dziko lino.

Maboma awiriwa, omwe adali boma limodzi mpaka Balaka ataima payekha mu 1998, atulutsa pulezidenti, aphungu, oyimba, mashehe ndi ansembe. Onsewa adayamba ngati ana a m'mudzi, ovala kabudula wa zigamba. Ndiye mwana wa sukulu amene wakhala pa thumba la chimanga pakhomo la bogi, atakumbatira katundu wake wopita naye kogonera, mukumudziwa kuti adzakhala ndani? Palibe akudziwa, ngakhale mayi ake. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Tikiti ya fesi kalasi, usiku wozizira

Kunyoza munthu wosamudziwa m'sitima kuli ndi mtengo wake, ndipo palibe amene adaulipira kuposa atsamunda.

Usiku wa pa 7 Juni 1893, loya wachimwenye wa zaka 23 adali paulendo wochoka ku Durban kupita ku Pretoria ku South Africa. Adagula tikiti ya fesi kalasi. Sitima itaima pa Pietermaritzburg, mzungu wina adadandaula kuti sangakhale chipinda chimodzi ndi munthu wosakhala mzungu. Adamuuza loyayo kuti asamukire kumbuyo. Iye adakana, pakuti tikiti adali nayo. Adamutsitsa mokakamiza pamodzi ndi katundu wake, ndipo adachezera usiku wonse m'chipinda chodikirira, kuzizira kwa mwezi wa Juni kukumulowa m'mafupa.

Loyayo adali Mohandas Gandhi. Iye mwini adadzanena kuti usiku umenewo ndi umene udasintha moyo wake. Adayamba kumenyera ufulu wa amwenye ku South Africa, kenaka adabwerera kwawo kukatsogolera nkhondo yopanda zida imene idathera pa ufulu wa India mu 1947. Mzungu wodandaula uja dzina lake lidaiwalika. La amene adatsitsidwayo likuphunzitsidwa m'sukulu padziko lonse.

Agogo athu amaudziwa mchitidwe umenewu, chifukwa nazo sitima za Nyasaland zidali zosankha khungu. Mabogi abwino adali a azungu, apakati a amwenye, ndipo akuda ankathinana pa mipando yamatabwa. M'mabogi amatabwa amenewo ndimo munkakwera amuna opita ku Halale ndi ku Joni kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ena osabwereranso, n'kusanduka matchona. Woyimba wa ku South Africa Hugh Masekela adawaimbira nyimbo yotchedwa Stimela, yomwe idatuluka mu 1974, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene amatchulamo. Anthu amene panalibe wowafunsa dzina aja, lero dziko lonse limawakumbukira.

Tsankho la khungu lidatha, koma la thumba lidakalipo. Wovala taye timamupatsa mpando, wonunkha nsomba timamuuza kuti asunthire uko. Komabe ndalama ya nsombayo ndiyo ikuphunzitsa mwana amene mawa adzatipime kuchipatala.

Ena atatchuka sadaisiye

M'mayiko ena muli akuluakulu amene adapitiriza kukwera sitima ngakhale dzina litamveka, ndipo kumeneko kukumana nawo si nthano ayi.

Joe Biden adasankhidwa kukhala seneta ku America mu Novembala 1972. Patangopita milungu yochepa, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi adamwalira pangozi ya galimoto, ana aamuna awiri n'kuvulala. Pofuna kuti anawo azimuona tsiku lililonse, sadasamukire ku Washington. Ankakwera sitima ya kampani ya Amtrak kuchoka kwawo ku Wilmington m'mamawa n'kubwerera usiku, ulendo wa pafupifupi ola ndi theka mbali imodzi, kwa zaka 36. Ogwira ntchito m'sitimamo ankawadziwa mayina, ndipo anthu wamba ankamupeza pampando n'kumuuza mavuto awo. Mu 2011 siteshoni ya Wilmington adaitcha dzina lake, ndipo adadzakhala pulezidenti kuyambira mu 2021 mpaka mu 2025. Zaka zonsezo adali mmodzi mwa andale oteteza sitima za anthu pamene ena ankafuna kuzichepetsera ndalama. Adali ndi chifukwa: ankaikwera.

Mfumukazi Elizabeth, yomwe idachezera Malawi mu 1979, kumapeto kwa moyo wake inkakonda kukwera sitima ya anthu onse kuchoka pa siteshoni ya King's Cross ku London kupita ku King's Lynn ikamapita kokadyera Khirisimasi ku nyumba yake ya Sandringham. N'zoona kuti inkakhala mbali yakeyake ya fesi kalasi, alonda ali pafupi. Koma sitimayo idali yomweyo ya anthu opita kuntchito, yonyamuka pa nthawi yomweyo.

Kuno kwathu akuluakulu timawaona pa njanji pakakhala mwambo: kudula riboni, kukweza mbendera, kujambulitsa pa mutu wa sitima. Umu ndi momwe zidalili ku Chipata mu Ogasiti 2010, pomwe pulezidenti Rupiah Banda wa Zambia adatsegulira njanji yolumikiza tawuniyo ndi Mchinji. Tsiku lotero siteshoni imasesedwa, miyala imapakidwa laimu, amayi amavina. Mwambo ukatha, mdipiti wa galimoto umanyamuka, ndipo otsala pa siteshoni ndi eni sitima enieni, atakhalira mitolo yawo.

Akadakwera akadaona chiyani?

Nkhaniyi si yongofuna kugwirana chanza ndi bwana. Chimene wamkulu sachikwera, sachidziwa, ndipo chimene sachidziwa sachilankhulira.

Njanji ya kuno yaona zambiri. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Nacala mu 1984, mpaka asilikali a Malawi adatumizidwa kukailondera, ndipo anthu othawa nkhondo amene dziko lino lidasunga adafika pafupifupi 1 miliyoni mtendere usanasainidwe ku Rome mu Okutobala 1992. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, njira ya kumwera n'kufa. Mu 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa sitima m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi kufupi ndi Balaka udakokoloka, n'kudula njira yopita ku Salima ndi ku Lilongwe kwa nthawi yaitali.

Kenaka kudabwera malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe inkakumba malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, idaona kuti njira yachidule yopita kunyanja yamchere ndi yodutsa m'Malawi. Idamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchokera m'malire a ku Chikwawa kudzera ku Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso ya pa Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse, kuchoka ku Moatize kufika kugombe la Nacala, ndi makilomita 912, ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan ya amalonda a ku India.

Kuyambira pamenepo anthu a m'mbali mwa njanji adazolowera sitima zazitali za mabogi oposa 100, zodutsa usana ndi usiku. Njanji ndi yolimba kuposa kale. Koma malasha sanyamula mayi wapakati, sanyamula dengu la tomato. Sitima ya anthu, m'zaka zambiri chiyambire 1999, yakhala ikuoneka kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Chifukwa chake n'chosabisika. Katundu ndiye amabweretsa phindu. Tikiti ya munthu wa ku Namanja siingalipire mafuta, ogwira ntchito ndi kukonza mabogi, ndipo pafupifupi kulikonse padziko sitima za anthu a kumidzi zimayenda chifukwa boma laikapo dzanja. Kuti dzanjalo liikidwe, pamafunika wina wolankhula m'Nyumba ya Malamulo, pawailesi kapena m'nyimbo.

Phungu atakwera tsiku wamba, wopanda mtolankhani, akadaona momwe mayi amakwezera matumba a mpunga pa zenera sitima itangoima mphindi zochepa. Akadaona kuti sitima ikachedwa tsiku limodzi, matemba ouma amapirira koma tomato ndi nsomba zaziwisi zimathera m'dengu, mpamba wonse n'kupita. Akadamva kuti nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga idachitira mu 1995 ndi mu 2018, bogi imapepuka, ndipo amene ankanyamula nsomba amayamba kunyamula makala ndi nkhuni. Akadaona wodwala atagona pansi pakati pa mipando, akupita ku chipatala cha boma pa Liwonde. Zimenezi sizilembedwa mu lipoti. Zimaoneka ndi maso, ndipo zimamveka ndi mphuno.

Mukakumana naye

Tsiku lina zidzachitika ndithu: woyimba, wosewera mpira, mlaliki kapena wandale adzakhala moyang'anana nanu. Ulemu wake ndi womwe timaudziwa kale. Moni ndi woyamba, monga mwa mwambo wathu, kaya ndi "muli bwanji bambo", kaya ndi "ali uli" wa Chiyao. Masiku ano foni ili m'thumba la aliyense, koma kujambula munthu akudya kapena akusinza n'kumuika pa Facebook kapena pa WhatsApp si ulemu. Pemphani kaye, ndipo akakana musakwiye. Mwina akuchokera ku maliro.

Musamusandutsenso banki. Ambiri otchuka amathawa malo a anthu chifukwa moni aliyense amathera pa "tangotigaireni ya sopo, bwana". Ngati ndi munthu waudindo, chamtengo kuposa ndalama ya sopo ndi khutu lake. Muuzeni za mlatho wa kwanu, za mjigo wofa, za tsiku la sitima. Mawu onenedwa modekha, mwana ali pamiyendo, amalowa kuposa ofuula pamsonkhano.

Nawo otchukawo ali ndi gawo lawo. Anthu sakumbukira suti imene munthu adavala. Amakumbukira ngati adayankha moni, ngati adalandira chinangwa chimene adamugawira, ngati adaimirira kuti gogo akhale. Nkhani yotero imatsika pa siteshoni iliyonse, n'kulowa m'midzi imene galimoto ya kampeni siifika. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Koma ulemu wosungira otchuka okha ndi malonda chabe. Amene adakhala pafupi ndi mphunzitsi wa ku Soche Hill, amene adapatsa chikwama wosesa wa pa Victoria, amene adatsitsa loya pa Pietermaritzburg, onsewa adaonetsa khalidwe lawo asakudziwa kuti akuchita ndi ndani. Mayeso a m'sitima ndi amenewo, ndipo amalembedwa ulendo uliwonse.

Ndipo kwa aphungu, makhansala, oyimba ndi amalonda akuluakulu amene adakulira m'maboma a Balaka ndi Machinga, pempho la anthu a m'mbali mwa njanji ndi laling'ono. Kamodzi pachaka, galimoto itsale pa Balaka. Gulani tikiti pa zenera ngati wina aliyense, mukhale pomwe mwapeza malo, mukatsikire ku Nayuchi. Pobwerera mudzakhala mukudziwa chimene muyenera kukanena ku Lilongwe.